Mwana akati "ndamva", mufunseni kuti "zalembedwa pati?"

Lero sindikamba za mtengo wa dola kapena za basi yomwe ikunyamuka Lachisanu. Ndikufuna tikambirane za ana athu, makamaka a zaka 11 mpaka 14. Musathawe ayi, werengani mpaka kumapeto, chifukwa nkhaniyi ndi ya geni ndithu, kungoti yavala yunifolomu ya sukulu.

Maganizo anga ndi awa. Ambirife tikulipira fizi, tikugula nsapato ndi mabuku, koma pali chinthu chimodzi chomwe sitikuchiyang'ana, chomwenso chidzateteze mpamba wathu tsiku lomwe anawa adzakhale pa kauntala. Kodi mwana wanu akawerenga chinthu, amatha kuloza ndi chala pomwe pali umboni wa zomwe akunena? Nanga amatha kuzindikira zomwe wolemba sananene poyera, koma zikuonekera pa zomwe walembazo? Maluso ake ndi awiri: kupeza umboni m'zolembedwa, ndi kulumikiza umboniwo mpaka utulutse mfundo. Ine ndikuti ntchito yophunzitsa zimenezi tisawasiyire aphunzitsi okha, chifukwa palibe munthu amene amazigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku kuposa wageni wodutsa maboda.

Kwa inu amene simuli kuno, ndifotokoze kaye momwe sukulu zikuyendera. Ine ndimakhala ku Kahawa, cha ku Thika Road kuno, kufupi ndi Kenyatta University. Kuyambira 1985 dziko la Kenya linkatsata ndondomeko ya 8-4-4, koma mu 2017 lidayambitsa ina yotchedwa CBC. Mayeso a KCPE, omwe anali ngati PSLCE yathu ya MANEB ija, adalembedwa komaliza mu 2023. Pano mwana akafika Giredi 6 amalemba KPSEA, kenako amalowa Junior School, yomwe ndi Giredi 7, 8 ndi 9. Gulu loyamba lidalowa Giredi 7 mu Januwale 2023, ndipo mu 2025 lidalemba mayeso a KJSEA, omwe amayendetsedwa ndi bungwe la KNEC. Akachoka pamenepo amapita ku Senior School, komwe njira ndi zitatu: ya sayansi ndi masamu, ya maphunziro a za anthu ndi zilankhulo, ndi ya luso ndi masewera. Kumudzi msinkhu umenewu ndi wa Sitandade 7, 8 ndi Fomu 1.

Bungwe la KICD, lomwe limakonza zoti ana aphunzire, lidaika maluso 7 omwe mwana aliyense ayenera kutuluka nawo, ndipo limodzi mwa iwo ndi kuganiza mozama ndi kuthetsa mavuto. Papepala zikumveka bwino kwambiri. Koma pepala silikhala pansi ndi mwana. Mphunzitsi mmodzi ali ndi ana odzadza kalasi, sangamufunse aliyense kuti "wazitenga pati zimenezi?" Ndipo amene tili kuno tikukumbuka kuti mu 2024 aphunzitsi ambiri a Junior School, omwe adalembedwa mongoyembekezera, adanyanyala ntchito kwa masabata angapo pofuna kulembedwa ntchito yokhazikika. Sindikuwaimba mlandu. Ndikungonena kuti dzenje lilipo, ndipo wogweramo ndi mwana wako ndi wanga.

Vutoli si la Kenya yokha. Mu 2022 World Bank pamodzi ndi UNESCO, UNICEF ndi mabungwe ena idatulutsa lipoti loti m'mayiko osauka ndi apakati, ana 70 mwa 100 aliwonse a zaka 10 satha kuwerenga kankhani kosavuta n'kukamvetsa. Kuno ku Africa, kummwera kwa chipululu cha Sahara, chiwerengerocho chidafika pafupifupi ana 9 mwa 10. Maboma adayesetsa: Kenya idayambitsa Tusome mu 2015, Malawi idayambitsa National Reading Programme mu 2016. Koma mapulogalamu amenewa ndi a makalasi oyambirira, ophunzitsa mwana zilembo, maphatikizo ndi kuwerenga mosadodoma. Akadutsa pamenepo tonse timangoti basi, mwana wadziwa kuwerenga. Pamenepo ndi pomwe timadzinamiza.

Kutchula mawu ndi kumva tanthauzo ndi zinthu zosiyana. Alipo ana owerenga Chizungu mokoma ngati a pa wailesi, mpaka alendo kuwomba m'manja. Mutsekeni bukulo, mumufunse kuti munthu wa m'nkhaniyo wakwiya chifukwa chiyani, mudzamva "sindikudziwa", kapena adzakupatsani yankho lochokera m'mutu mwake lomwe m'bukumo mulibe. Wina amatha kupeza yankho pokhapokha ngati mawu a funsolo akufanana ndendende ndi mawu a m'nkhani. Mukasintha pang'ono, wasochera. Mwana wotere akhoza kukhoza mayeso ena poloweza, koma msika sufunsa zoloweza.

Tiyeni tibwere ku geni yathu, muone zomwe ndikunena.

Tonse tidamvapo munthu akunena kuti katundu wa ku Kenya amalowa ku Malawi opanda msonkho chifukwa cha COMESA. Muli choonadi momwemo. Malawi ndi Kenya anali m'gulu la mayiko 9 omwe adayamba malonda opanda msonkho wa pachipata mu Okutobala 2000. Koma wowerenga mutu wokha ndi amene amalira pa Songwe. Mwayi umenewu ndi wa katundu wopangidwa m'mayiko a COMESA, wokhala ndi satifiketi yotsimikiza komwe wachokera. Nsapato zomwe mwapikula ku Kamukunji kapena madiresi a ku Eastleigh, ngati palembedwa kuti zidapangidwa ku China kapena ku Turkey, sizisanduka za ku Kenya chifukwa choti mwazigula ku Nairobi. Ndipo ngakhale katundu wopangidwadi ku Kenya, VAT amalipirabe ku MRA. Komanso Tanzania, yomwe timadutsamo kuchokera pa Namanga mpaka pa Kasumulu, idatuluka mu COMESA mu 2000 momwemo. Onani: umboni uli pa kalembo kakang'ono ka pa katoni, ndipo mfundo yoti "apa ndilipira" uyenera kuitulutsa wekha. Palibe amene adzakulembere.

Chitsanzo china ndi cha ndalama za pafoni. M-Pesa idayamba mu 2007, ndipo akuba adaphunzira msanga kulemba uthenga wofanana ndi weniweni. Umalandira uthenga woti ndalama zalowa, kenako foni ikulira, munthu akulira kuti watumiza molakwitsa, mwana wake ali m'chipatala, umubwezere. Kumudzi pa Airtel Money ndi Mpamba nyimbo yake ndi yomweyo. Wageni wochenjera sayamba ndi chifundo kapena mkwiyo. Amayang'ana kuti uthengawo wachokera ku dzina la kampani kapena ku nambala ya munthu wamba. Amayang'ana balansi yake ngati yakweradi. Potumiza, amadikira dzina la wolandira lionekere, chomwe kuno amachitcha Hakikisha, kutanthauza kuti tsimikiza. Kumeneko ndiye kuwerenga kofuna umboni. Tsono funso ndi ili: tsiku lomwe mwasiya mwana wa zaka 13 pa shopu inu mutapita ku Gikomba, iye adzachita zomwezo?

Kumbukiraninso Epulo 2025, pomwe Tanzania idaletsa zokolola zochokera ku Malawi ndi ku South Africa, pobwezera ziletso zomwe mayikowa adaika pa katundu wina. Chiletsocho chidachotsedwa patangopita masiku ochepa kuti akambirane. Nkhani ngati imeneyi ikamayenda pa WhatsApp imafika itafupikitsidwa, mawu awiri okha: "boda yatsekedwa". Munthu wodziwa kuwerenga amafunsa: waletsa ndani? Waletsa katundu uti? Kuyambira liti? Chikalata chake chili kuti, ndipo chasainidwa ndi ofesi iti? Wosadziwa kufunsa amagulitsa katundu motchipa chifukwa cha mantha, kapena amakweza lole yomwe ikakhale pa boda. Onse awiri aluza, ndipo chawaluzitsa si boma, ndi kawerengedwe.

Palinso china cholemera kuposa ndalama. Mu 2024 BBC idaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 omwe adapulumutsidwa ku Oman, komwe adapita atalonjezedwa ntchito zabwino koma n'kukapezeka ali ngati akapolo m'nyumba za anthu. Sindikuti amayiwo adalakwa. Umphawi umakankha, ndipo onyengawo ndi akatswiri pa bodza. Koma ana athu aakazi ndi aamuna adzakumana ndi zotsatsa zotere pa Facebook ndi TikTok asanafike zaka 20. Mwana amene adazolowera kufunsa kuti "dzina la kampani lili pati, adiresi ili pati, bwanji malipiro alembedwa koma maola a ntchito sanalembedwe, pasipoti isunga ndani?" ali ndi chishango chomwe mnzake alibe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo wozindikira ndi amene adaphunzira kuung'amba asanadye.

Tsono tingaphunzitse bwanji? Sipafunika digiri. Pafunika mafunso anayi, ndipo muziwafunsa motsatana mpaka mwana awazolowere ngati moni.

Loyamba: zalembedwa ndi ziti? Mwana anene m'mawu akeake, osawonjezera, osachotsera.

Lachiwiri: zili pati? Aloze ndi chala, kapena adule mzere kunsi ndi pensulo, awerenge mawuwo mokweza. Ngati sangaloze, yankholo liyambe ladikira.

Lachitatu: ndiye ukuganiza kuti chikuchitika n'chiyani, ndipo chifukwa chiyani? Apa musalole yankho lopanda mawu oti "chifukwa". Akati "munthuyu ali ndi mantha", ayenera kupitiriza kuti "chifukwa apa palembedwa zakuti".

Lachinayi: ndi chiyani chomwe sitingadziwe kuchokera apa? Funso ili ambiri amalisiya, koma ndi lomwe limasiyanitsa kuganiza ndi miseche.

Nachi chitsanzo chomwe ndapanga, mukhoza kuchikopera m'kope la mwana usiku uno:

Mayi wina adafika pa shopu yake m'mawa atanyamula ambulera yonyowa. Adatsegula loko, n'kuyang'ana pansi, nthawi yomweyo n'kuyamba kukweza makatoni a shuga pamwamba pa tebulo. Atatha adaimbira foni mwini nyumba, koma foniyo idangolira osayankhidwa. Adakhala pampando, n'kutulutsa kope la ngongole, n'kuyamba kuwerenga masiku omwe atsala kuti mwezi uthe.

Mufunseni kuti kunja kuli bwanji. Mawu oti mvula mulibe m'nkhanimo, koma ambulera yonyowa ikunena zonse. Mufunseni kuti mayiyo waona chiyani pansi. Mawu oti madzi mulibenso, koma mwana akalumikiza mvula, shuga wokwezedwa msangamsanga ndi foni ya kwa mwini nyumba, afika pa mfundo yoti madzi alowa. Umboni utatu, mfundo imodzi. Kenako mufunseni kuti madziwo alowera padenga kapena pansi pa chitseko. Apa yankho labwino ndi loti zonse ziwiri n'zotheka, nkhaniyo sinanene. Pomaliza mufunseni ngati mwini nyumbayo ndi munthu woipa. Ana ambiri adzati inde, ndiponso akuluakulu ambiri. Koma umboni uli pati? Foni imodzi yosayankhidwa basi. Mwina anali m'bafa, mwina ali mu matatu. Nanga kope la ngongole lija? Mwina mayiyo akuwerengera za lendi, mwina akuona amene angamulipire msanga kuti akonze denga. Tinganene kuti ali ndi nkhawa ya ndalama, koma zoti akufuna kusamuka ndi zongopeka.

Mukatero mwana amaphunzira kuika zinthu m'madengu atatu: zotsimikizika, zotheka, ndi zongopeka. Wageni amene amasakaniza madengu atatuwa sakhalitsa pa msika. Kasitomala akati "ndibwera mawa", chimenecho ndi chotheka. Akapereka dipoziti, chayandikira ku chotsimikizika. Sapulaya akalemba kuti "katundu wanyamuka" koma osatumiza nambala ya galimoto kapena chithunzi cha lisiti ya kampani yonyamula, inu mukudziwa dengu lake.

Zowerenga sizosowa. M'nyumba mwa wageni muli mapepala ambiri kuposa m'kalasi. Lisiti ya ku holoselo: mwana apeze mtengo wa chinthu chimodzi, apeze VAT, yomwe kuno ndi 16 pa 100 pa katundu wambiri, aone ngati masamu akugwirizana. Paketi ya mafuta odzola: tsiku lopangidwa ndi liti, lotha ntchito ndi liti, chizindikiro cha KEBS chilipo, ndipo ngati ulendo wa ku Mzuzu ndi kugulitsa zitenga miyezi itatu, kodi n'kwanzeru kupikula? Kalata ya mwini nyumba, chikalata cha kusukulu, nkhani ya mpira mu Daily Nation kapena Taifa Leo, ndime ya m'buku la chipembedzo chanu, zonsezi ndi zipangizo. Mabuku akale amagulitsidwa motchipa m'misewu ya m'tauni, cha ku Tom Mboya Street ndi Moi Avenue. Laibulale ya boma ya KNLS ili ndi nyumba yaikulu ku Upper Hill ndi nthambi ina ku Buruburu. Mphindi 15, katatu pa sabata, zikukwana.

Ndipo tisaganize kuti luso limeneli ndi lachilendo, lobwera ndi sukulu. Amene tidakulira kumudzi tikukumbuka madzulo pamoto wina akati "Ndagi!" ife n'kuyankha "Gize!" Akati nyumba yopanda khomo, umayenera kufufuza m'mutu chinthu chomwe chikugwirizana ndi mawu onsewo mpaka upeze dzira. Mlenje akaona mapazi pa dothi amadziwa nyama yomwe yadutsa, yalowera kuti, ndiponso ngati yadutsa kumene kapena dzulo. Pa bwalo la amfumu munthu sangonena kuti mbuzi ya uje yadya chimanga changa. Amafunsidwa kuti waiona ndani, mboni ili kuti, mapazi alowera khola liti. Nthano za Kalulu zinkatha ndi funso loti taphunzirapo chiyani, ndipo phunzirolo silinkanenedwa m'kati mwa nthano. Makolo athu ankaphunzitsa zimenezi opanda choko. Chomwe chasintha n'choti mapazi a lero ali papepala ndi pafoni.

Ndikudziwa zomwe ena mukunena mumtima, ndiye tiyeni tizikambe.

Wina akuti: "Ine Chizungu changa ndi cha pa boda, ndingamuphunzitse chiyani mwana wa Giredi 8?" Achimwene, achemwali, mafunso anayi aja safuna Chizungu. Mwana awerenge m'Chizungu kapena m'Chiswahili, akufotokozereni m'Chichewa, inu mufunse kuti "zili pati?" Kusadziwa kwanu mawu ena kumathandizanso, chifukwa mwana amakakamizika kufotokoza bwinobwino m'malo mongobwereza mawu a m'buku. Mwana amene angathe kukufotokozerani nkhani ya Chizungu m'Chichewa waimvetsadi. Ana athu kuno ali ndi zilankhulo zambiri: Chizungu ndi Chiswahili kusukulu, Sheng pamsewu, Chichewa kapena Chitumbuka kapena Chiyao m'nyumba. Luso lofuna umboni likalowa m'mutu silisankha chilankhulo. Komanso mwanayo akusunga chilankhulo cha kwawo, chomwe adzachifune tsiku lomwe mudzabwerere n'kumulowetsa sukulu ya kumudzi.

Wina akuti: "Nthawi ndilibe, theka la mwezi ndimakhala pamsewu." Izi n'zoona, ulendo wa Nairobi, Arusha, Mbeya mpaka Karonga si wa tsiku limodzi. Koma pa boda timakhala maola angati tikungodikira, tikuyang'ana mavidiyo? Jambulani chikwangwani cha pa ofesi ya kasitomu kapena tikiti ya basi, mutumizireni mwana pa WhatsApp ndi funso limodzi. Iye ayankhe ndi mawu, inu mumvere muli m'basi. Data yake ndi yochepa kuposa ya vidiyo imodzi. Mwanayo adzadziwanso komwe fizi yake imachokera.

Wina akuti: "CBC yatitopetsa kale. Lero tikapange chidole cha makatoni, mawa tikasindikize zithunzi ku cyber, ndiye muwonjezerenso?" Apa ndikugwirizana nanu theka. Madandaulo amenewa makolo a kuno akhala akuwanena kuyambira kale, ndipo ntchito zina za kunyumba zimadya ndalama ndi nthawi ya kholo kuposa nzeru za mwana. Koma zomwe ndikunenazi sizifuna guluu, sizifuna kusindikiza, sizifuna shilingi ngakhale imodzi. Ndipo ngati nthawi ili yochepa moti muyenera kusankha, ine ndingasankhe mphindi 15 za mafunso kusiyana ndi kumupangira mwana chidole choti akanamize nacho aphunzitsi kuti wapanga yekha.

Wina, makamaka akuluakulu athu, akuti: "Mwana wozolowera kufunsa umboni adzakhala wamwano, adzayamba kutsutsa makolo." Nkhawa iyi ndi yomveka ndipo sindikuipeputsa. Koma mwano uli m'kalankhulidwe, suli m'funso. Mwana akhoza kunena mwaulemu kuti "Bambo, apa ndikuona ngati palembedwa zina, taonani." Ameneyo ndi amene adzakupulumutseni tsiku lomwe maso anu adzayambe kufooka, wina atakubweretserani pepala la malo kapena la ngongole kuti musaine. Akuluakulu omwewo ndi amene adatisiyira mawu oti safunsa adadya phula. Chofunika n'choti ifenso tizilola kufunsidwa. Mwana akakupezani kuti mwawerenga molakwika, muyamikireni, musamukalipire. Mukamukalipira kamodzi, waphunzira kuti umboni umagonja kwa mwini mphamvu, ndipo phunziro limenelo ndi lomwe akuba amadalira.

Wina akuti: "Masiku ano foni imawerenga yokha, ukafunsa ChatGPT imakufupikitsira chilichonse." Imafupikitsadi, koma imalakwitsanso, ndipo ikalakwitsa imalankhula molimba mtima ngati dalaivala wosochera amene sakufuna kuvomera. Amene angaigwire bodza ndi yekhayo wodziwa kubwerera ku chikalata chenicheni n'kufufuza. Pa boda ofesala sadzamva zoti foni idandiuza. Adzakuonetsani ndime ya lamulo, ndipo inu mudzalipira.

Ndipo wina akuti: "Wanga sadzachita geni, ndikumuphunzitsa kuti adzakhale dokotala kapena loya." Zabwino kwambiri, Mulungu akuthandizeni. Koma dokotala amachita chiyani? Amamva zomwe wodwala akunena, amayang'ana zotsatira za magazi, n'kutulutsa mfundo ya matenda omwe palibe amene wawatchula. Loya amakhalira kufunsa kuti zalembedwa pati. Makaniko amamvera kulira kwa injini n'kudziwa chomwe chatha. Ngakhale funso la masamu la m'mawu limagwetsa ana ambiri asanayambe n'kuwerengera komwe, chifukwa sanamve chomwe chikufunsidwa. Njira iliyonse mwa zitatu zija za ku Senior School imadutsa pa mlatho womwewu.

Pali chinanso chomwe tingachite ngati makolo tikapita kusukulu. Malipoti a CBC amaonetsa ngati mwana wapitirira zoyembekezeka, wazikwanitsa, akuyandikira, kapena ali m'munsi, zija amalemba EE, ME, AE ndi BE. Ambirife timangoyang'ana zilembozo n'kubwerera. Pemphani kuona kope la Chizungu ndi la Chiswahili. Yang'anani mafunso a nkhani yowerenga: kodi onse ndi a "ndani" ndi "liti", kapena alipo a "chifukwa chiyani" ndi "ukudziwa bwanji"? Funsani aphunzitsi mwaulemu kuti mwana wanu amavutika pati, pa kupeza yankho kapena pa kufotokoza chifukwa chake. Mphunzitsi akaona kholo lofunsa motero amadziwa kuti mwanayu ali ndi womuyang'anira. Ndipo ngati mukulipira wa tyushoni, muuzeni zomwe mukufuna. Ndalama ndi zanu. Simungalandire belo la kaunjika osaliyang'ana, ndiye bwanji mukulandira maphunziro osawayang'ana?

Chenjezo limodzi: musasandutse zimenezi kukhala khoti. Mwana wa zaka 12 akaona kuti nthawi yowerenga ndi nthawi yokalipiridwa, adzadana ndi buku moyo wake wonse. Chitani ngati masewera. Tsiku lina iye ndiye afunse, inu muloze. Muyambe ndi zomwe amakonda, kaya ndi nkhani ya Arsenal, kaya ya woimba wina. Akalakwitsa musamuuze yankho, ingonenani kuti "tawerenganso mzere wachiwiriwo." Mupatseni nthawi, musamuyankhire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ana aakazi ndi aamuna mofanana, chonde. Tisamuike mnyamata pa buku mtsikana ali kutsuka mbale, chikhalirecho m'gulu muno tikudziwa kuti geni ya maboda ambiri oigwira ndi amayi.

Ife tidachoka kwathu kudzasaka. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo amene adasunga mpamba wake m'makwacha adadzuka ali wosauka kuposa momwe adagonera. Katundu amagwidwa, misika imapsa, ngati momwe Gikomba yapsera kangapo konse. Chuma chomwe tikusonkhanitsachi chili ndi mapiko. Koma mwana amene amadziwa kuwerenga pepala, kuloza umboni, n'kusiyanitsa chotsimikizika ndi chongopeka, ameneyo mukhoza kumusiyira shopu, mukhoza kumutuma ku boda, ndipo mukadzakalamba mukhoza kumupatsa makiyi mtima uli m'malo.

Ndiye pempho langa ndi ili. Sabata ino tengani lisiti imodzi kapena kankhani ka mayi wa ambulera kaja, mukhale pansi ndi mwana wanu, kapena wa m'bale wanu amene mukumusunga, mumufunse mafunso anayi aja. Amene ana anu ali kumudzi ndi agogo awo, imbani foni, zimathekanso. Mukatero mudzatiuze zomwe mwapeza, makamaka yankho la funso lija la mwini nyumba. Mmera mpoyamba, abale anga. Geni yabwino nonse, ndipo amene muli pamsewu muyende bwino.